Upite kwa Amayi Asiyatu Usanakwere Basi

Chinsapo, Lolemba masana

Tadala mwana wanga,

Kalatayi ndikulembera pa siteji, nditakhala pa njinga, kope lili pa thanki. Anzanga a kabaza akundiseka kuti ndayamba sukulu ya kwacha, wina akuti mwina ndikufunsira mkazi wachiwiri. Aleke aseke. Ndayesa kawiri konse kukuuza pakamwa zimene zili m'kalata muno, dzulo ndi dzana, koma ndikangoyamba iwe ndi amayi ako mumayang'anana, ine n'kuthera kukamba za chikwama ndi maloko. Ndiye ndati ndilembe. Zolemba zanga ukuzidziwa, ndi za munthu wa Sitandade 6. Usazikonze ngati mkonzi, ungowerenga, ndipo uwerenge lero lomwe usanamange katundu.

Choyamba udziwe kuti ndakondwa, ndipo mtima wanga uli m'malo. Unabadwa ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nditangofika kumene mu Lilongwe kuchokera ku Chiradzulu, ndilibe ngakhale mpando m'nyumba. Zaka khumi ndi zinayi ndinagulitsa nyuzipepala pamsewu m'tauni, ndipo zisanu ndi chimodzi izi ndakhala ndikunyamula atolankhani pa njinga. Mapepala ndawanyamula pamutu, pamkono, pakaliyala, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina dzina la m'nyumba mwanga lidzakhala pamwamba pa nkhani. Mawa ukupita ku Blantyre kukaphunzira ntchito ku nyuzipepala miyezi isanu ndi umodzi. Anakusankha okha ataona zolemba zako, palibe amene anakulankhulira. Zimenezo ndawauza onse pa siteji pano mpaka atopa nane. Uli Fomu 2 ndinakuuza kuti kulemba si ntchito, uchite za unamwino, ndipo ndinakubisira kope lako lija pamwamba pa kabati. Ndinalakwa, ndipo ndikuthokoza kuti sunandimvere.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikundivutitsa chiyambire Lachisanu. Tsiku limenelo unatiwerengera nkhani yako ukumasulira m'Chichewa, ija ya Amayi Asiyatu, atelala a mzere wathu, momwe amaphunzitsira kusoka atsikana amene anasiyira sukulu panjira. Nkhaniyo ndi yabwino. Makina aja ndinkachita kuwamva kulira iwe ukuwerenga, ndipo amayi ako anapukuta m'maso ndi chitenje. Unati mkonzi waikonda ndipo ituluka Loweruka likudzali, dzina lako pamwamba. Vuto langa ndi ndime yachinayi, pamene walemba kuti amuna awo anapita ku Joni, anakwatira wina kumeneko, ndipo patha zaka zisanu ndi chimodzi osaimba foni. Tadala, ine ndakhala mzere umodzi ndi mayi amenewa zaka khumi, koma zimenezo ndinazimva koyamba Lachisanu, m'kamwa mwako. Mzere wonse, ngakhale anzawo a ku mzikiti, amadziwa kuti bamboyo ali pa ntchito ndipo adzabwera. Ndi mmene eniake amanenera. Nditakufunsa kuti unazitenga kuti, unati anakuuza okha chaka chatha akukuyeza diresi, misozi ikutsika, akukutchula kuti mwana wanga. Tsiku limene unapita ndi kope sanazitchule. Unawonjezera kuti ndi zoona, komanso kuti mkonzi wati mtima wa nkhani uli pomwepo. Ine ndinangoti chabwino, n'kutuluka kukapukuta njinga imene ndinali nditapukuta kale.

Chimene ndikukupempha ndi ichi: usanakwere basi, upite kwa Amayi Asiyatu ukawawerengere ndime imeneyo, uwafunse ngati akulola kuti ituluke. Zina zonse m'kalata muno ndi zokuuza chifukwa chake. Malamulo a ntchito yanu amene munaphunzira ku koleji ine sindiwadziwa. Ndimadziwa zimene ndinalakwitsa ndekha, ndipo ndi zimene ndikupatse.

Ndinalakwa koyamba sabata yanga yoyamba pamsewu. Amene ankandiphunzitsa anali a Matiki, bambo wachikulire wa ku Kawale, amene anayamba kugulitsa mapepala ine ndisanabadwe. Anandipatsa mtolo n'kundiimika pafupi ndi pokwerera maminibasi. Tsiku lina patsamba loyamba panali chithunzi cha minibasi itagona m'ngalande pamsewu wa ku Mchinji. Ine kuwerenga kunkandivuta, ndinangoona chithunzicho n'kuyamba kukuwa kuti ngozi yoopsa, anthu onse atha. Mapepala anayenda ndithu. Kenaka panabwera mayi wina ali ndi mwana kumbuyo, anagula, n'kukhala pansi pomwepo m'mphepete mwa msewu n'kutambasula pepalalo. Mwamuna wake anali kondakitala pamsewu umenewo ndipo sanagone kunyumba. Anawerenga mpaka pansi. Panalibe womwalira, ovulala okha, ndipo minibasiyo sinali ya mwamuna wake. Sanandilalatire. Anapinda pepalalo, n'kundibwezera, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, inu mwaiwerenga nkhaniyi?" A Matiki atamva sanandichotse. Kuyambira tsiku limenelo ankandiimika m'mawa uliwonse kuti ndiwawerengere tsamba loyamba mokweza, liwu ndi liwu, ndisanakhudze mtolo. Miyezi itatu, anzanga akuseka ndikamachita chibwibwi pa mawu aatali. Kuwerenga kumene ndili nako ndinakupezera pamenepo, osati ku sukulu. Ndiye iwe usamakometsere nkhani kuti igulike. Pali munthu amene adzaiwerenge akusaka dzina la m'bale wake, ndipo iwe sudzamuona.

Kulakwa kwanga kwakukulu ndi kwa mayi wa thobwa wa ku Mgona, ndipo nkhani iyi sindinakuuzepo, amayi ako okha ndiwo akuidziwa. Chinali chaka changa choyamba pa njinga, nyengo ya mvula, matenda otsegula m'mimba atavuta m'madera mwathu muno. Ndinanyamula mtolankhani wina, kamera pakhosi, akufuna chithunzi cha anthu ogulitsa zakudya pafupi ndi ngalande. Nthawi inali itamuthera, mkonzi wake akungomuimbira foni. Anandifunsa ngati ndikudziwa malo otero. Ine pofuna kuoneka wodziwa tauni, ndinaimitsa njinga n'kuloza mayi wina amene ankagulitsa thobwa m'mabotolo pansi pa kachisakasa. Mtolankhaniyo anajambula ali pa njinga pomwepo, osatsika, osapereka moni, ife n'kumapita. Patatha masiku awiri chithunzi chinatuluka, chachikulu, nkhope ya mayiyo ikuoneka bwinobwino, pansi pake atalemba za zakudya zauve zimene zikufalitsa matenda. Chonsecho mayi uja madzi ankatunga pa mpope, mabotolo ankawiritsa, ndipo ngalandeyo inali kutsidya kwa msewu. Kamera ndiyo inaiyandikitsa. Iye sankawerenga nyuzipepala, koma wina anadula chithunzicho n'kuchimata pa mtengo wa magetsi pamsika. Thobwa lake linasiya kugulidwa sabata yomweyo.

Anapita ku ofesi ya nyuzipepala ija ndi mchimwene wake kukadandaula. Kupepesa kunatuluka patatha masabata awiri, timizere titatu pansi pa tsamba la mkati, pafupi ndi malonda a matayala. Ndagulitsa mapepala zaka zonse zija, ndikukuuza: chithunzi amachiona anthu onse, kupepesa amakuwerenga wolemba yekha. Mayiyo anasamukira ku Njewa kwa abale ake, pano amagulitsa tomato m'mphepete mwa msewu. Ndimamuona ndikapititsa kasitomala kumeneko. Sadziwa kuti chala chinali changa. Ndimaima n'kugula, n'chifukwa chake masiku ena mumangoona tomato wadzaza m'beseni osadziwa kuti watani. Ndayesa kangapo kuti ndimuuze, pakamwa pamakana. Mtolankhani uja anasiya kalekale, akugwira ntchito ina ku Area 47, mwina anaiwala n'komwe. Pepala limakhala tsiku limodzi, mawa lake akukulungira tchipisi ndi usipa, koma munthu amene munamulemba amatsala nazo. Amayi Asiyatu sangasamukire ku Njewa. Makina awo, atsikana awo, mzikiti wawo, zonse zili pano, ndipo mwana wawo wamkazi akufunsiridwa, akuchimuna akubwera kudzaonekera mwezi wamawa. Taganiza adzamve za m'nyumba imeneyo kuchokera m'pepala.

Tsiku lina ndinatsala pang'ono kubwereza, koma anandigwira ndi Anaphiri, mtolankhani amene ndawanyamula kuposa onse, mayi wamfupi woyenda ndi chikwama chakufa zipi. Kasitomala wina, mlonda pa kampani ina, anandiuza tili pa njinga za mavuto a kuntchito kwawo, mmene amawagwiritsira masiku onse osapuma. Anthu amalankhula pa kabaza, poti sakukuona nkhope, akungoona msana. Ine ndinathamanga nazo kwa Anaphiri ngati ndatola chinthu cha mtengo wapatali, dzina la munthuyo, kumene amakhala, zonse. Anamvetsera mpaka ndamaliza, n'kundifunsa kuti, "Bambo a Tadala, munthuyo ankauza mtolankhani kapena ankauza wa kabaza?" Ndinati wa kabaza. Anati ndiye kuti nkhaniyo idakali yake, si yathu. Anandituma kuti ndikamufunse ngati angalole kukumana nawo. Mlondayo anakana poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo, Anaphiri osadandaula n'komwe. Kuyambira apo ndinayamba kuonetsetsa mmene amagwirira ntchito. Akafika pakhomo amayamba acheza kaye, kope lili m'chikwama. Nthawi ikakwana amalitulutsa poyera, kuliika pa bondo, n'kunena kuti tsopano ndikulemba. Akamaliza amalitseka munthu akuona. Zimene zanenedwa kope lili chitsekere, akazifuna, amalitsegulanso n'kufunsa ngati angazilembe. Tsiku lija la diresi kope lako linali kuti, mwana wanga? Amayi Asiyatu sankauza mtolankhani. Ankauza mwana wa aneba amene anamusokera yunifolomu ya ku pulayimale.

Ndikudziwa chimene undiyankhe. Uti atolankhani saonetsa nkhani kwa mwini wake isanatuluke, apo ayi palibe chingatuluke. N'zoona, ndipo Anaphiri sanapitepo kukapempha chilolezo kwa munthu wakuba za boma kapena bwana wozunza antchito. Amenewo amangowapatsa mpata woyankha, akakana nkhani imatuluka basi. Tsiku lina nawenso udzalemba za anthu otero, ndipo ndidzakunyadira ngakhale ndidzakhale ndi mantha. Koma Amayi Asiyatu aba chiyani? Nkhani yako ndi yowayamikira. Sindikunena kuti uwapatse nkhani yonse aikonze ayi. Ndime imodzi yokha, chifukwa imeneyo anakupatsa monga mayi, osati monga munthu wofunsidwa mafunso.

Mwina ukuopanso mkonzi, kuti munthu wosayamba n'komwe ntchito angaimbe bwanji foni kuti chotsani ndime imene mwaikonda. Apa ndikuuze za a Esinati, chifukwa kumeneko wolakwa ndinali ine mphunzitsi. A Matiki atapuma, wophunzitsa atsopano ndinakhala ine. A Esinati anali mayi wamasiye wa ku Biwi, wamkulu kuposa ine, anabwera kudzayamba kugulitsa. Ine ndinkaphunzitsa mokalipa, mothamanga, ndikuganiza kuti ndiko kuoneka wamkulu pa ntchito. Chilichonse ndinkanena kamodzi. Akafunsa ndinkati kodi simunamve. Ndiye anasiya kufunsa. Sindinawauze kuti mapepala otsala dzulo amaikidwa padera kuti abwezedwe, iwo n'kumawasakaniza ndi a lero. Bambo wina wa galimoto anagula, atafika ku ofesi n'kupeza kuti ndi la dzulo. Anabwerera n'kuwaponyera pepalalo kumaso anthu akuona, akuwanena kuti ndi akuba. A Esinati anasiya mtolo pansi n'kumapita, sanabwerenso. Tsiku limenelo ndinauza anzanga kuti ntchitoyi si ya aliyense. Zinanditengera zaka kuti ndivomere kuti mayiyo anachoka chifukwa cha funso limodzi limene ankaopa kundifunsa.

Kumene ukupitako ukapeza anthu ngati ine wa nthawi imeneyo. Si oipa, ndi otopa. Mapepala masiku ano ndi opyapyala, anthu akuwerengera pa foni, pamene tinkaima ogulitsa ambiri pano paima mmodzi. M'maofesi mwawo munthu mmodzi akugwira ntchito ya atatu, yekha kulemba, yekha kujambula, yekha kuika pa intaneti. Palibe amene akakukhazike pansi kuti akuphunzitse. Ophunzira ntchito ndawanyamula ambiri pa njinga iyi. Ena amalira kumbuyo kwanga mwakachetechete atawabwezera nkhani itafiira ndi bolopeni, ine n'kumangoyendetsa ngati sindikumva. Amene amakhalitsa si anzeru kwambiri aja ayi, ndi amene amafunsabe ngakhale awakalipire. Mtsikana wina anachita manyazi kufunsa kachiwiri dzina la womwalira pa maliro ku Area 25, tili panjira n'kundiuza kuti angolemba mmene wamvera. Ndinatembenuza njinga osamufunsa, mvula ili pamsana, tinabwerera. Anandikwiyira ulendo wonse, koma dzina limene anali nalo linalidi la mchimwene wa womwalirayo, munthu wamoyo amene anatilandira pa siwa. Pano ndi mtolankhani wamkulu, akandiona amaimitsa galimoto n'kundipatsa moni. Ndiye ukakalipiridwa, funsabe. Funsa madalaivala, funsa a ku makina osindikizira, funsa mlonda wa pa geti, amenewo nthawi amakhala nayo.

Mkonzi amene ali mkonzi weniweni, ukamuuza kuti ndime iyi ndinaimva ndisanatsegule kope ndipo mwini wake wakana, akhoza kudandaula, koma adziwa kuti wabwera munthu wotani. Akakhala wa mtundu wina n'kuichotsa nkhani yonse, zikupweteka, nanenso zindipweteka chifukwa ndauza kale siteji yonse za Loweruka, ena alonjeza kugula pepala koyamba m'moyo wawo. Andiseka, ndipirira. Loweruka lina lidzabwera. Masamba a kumapeto kwa sabata amatsekedwa Lachinayi, zimenezo ndikuzidziwa poti ndilo tsiku limene atolankhani amandithamangitsa kwambiri. Nthawi ilipo, koma ndi yochepa. Ndipo miyezi imathamanga, chaka chamawa padzabwera wina wamantha kuposa iwe, wophunzitsa udzakhala iweyo. Uzidzanena kawiri. Uzidzamuonetsa kumene kuli chimbudzi ndi kumene amagula chakudya chotsika mtengo. Akadzalakwitsa, uzidzayamba wadzifunsa ngati unamuuza.

Kulakwa kwina n'kwa thupi, ndipo chipsera chake ukuchidziwa, chija cha pa chigongono. Kunali chipwirikiti m'tauni, anthu atatseka msewu ndi miyala. Mtolankhani amene ndinamunyamula anati tiyandikire, ine pofuna kuoneka wolimba mtima ndinalowetsa njinga pakati penipeni pa gulu. Utsi wokhetsa misozi utaponyedwa, anthu anathawira mbali yathu, tinagwa tonse, kamera kwina, njinga kwina. Chithunzi sitinapeze ngakhale chimodzi. Amene anaima kumbali, pa khonde la shopu, ndiwo anajambula zonse. Ukatumidwa pa gulu la anthu okwiya, usanatulutse kope uyambe waona njira yotulukira. Uime kumbali, msana ku khoma. Palibe nkhani imene ingandibwezere mwana.

Tsopano zing'onozing'ono, poti ndizo ndimazitha. Kope uziliika m'jumbo, mvula sichenjeza. Uziyenda ndi pensulo, bolopeni imakana pa pepala lonyowa. Dzina la munthu uzimupatsa kope alembe yekha, ngati salemba ulibwereze mokweza mpaka avomere, ndipo utenge nambala yake. Chitenje chisachoke m'chikwama, sudziwa tsiku limene akakutume ku maliro. Ku khoti uzipita utadya, milandu imachedwa, ndanyamulapo wina atachita chizungulire ndi njala. Ukafika kudera lachilendo tsika pa njinga, pereka moni, usajambule munthu uli pamwamba. Wa kabaza amene wakunyamula umufunse njira, koma akakulozera munthu usakhulupirire chala chake, pita ukafunse wekha. Pamisonkhano ina amagawa maenvulopu potuluka, amati ndi a thiransipoti. Sindikuuza zambiri, wakula, ungodziwa kuti wopereka amasunga nkhope yako ndipo tsiku lina adzakuimbira foni. Foni uziitchaja kuntchito, magetsi sadalirika. Nsapato zako zakuda zija ndazipititsa kwa wosoka, waika soli yatsopano, zili pa windo. Azakhali ako ku Chilomoni amatseka geti msanga, ukaona kuti uchedwa uziwaimbira, usawadikiritse, ndipo uziwathandiza ntchito za pakhomo ngakhale utatopa. Lamlungu lililonse uziimbira amayi ako. Ine ngakhale kauthenga kokha kandikwanira.

Usaganize kuti ndikukuopseza. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndakhala m'mphepete mwake moyo wanga wonse osatopa nayo. Ndinaonapo nkhani ya Anaphiri ikuchititsa kuti mjigo umene unafa kalekale ukonzedwe sabata imodzi, amayi a kumeneko n'kutumiza nkhuku ku ofesi, Anaphiri n'kuibweza, ine ndi amene ndinainyamula maulendo onse awiri. Ndinaonanso bambo wina wokhoma zidebe ku Area 23 atasunga m'pulasitiki tsamba limene anamulembapo, akuonetsa kasitomala aliyense, ngakhale wongobwera kudzamatitsa ndowa. Ndikufuna Amayi Asiyatu adzachite chimodzimodzi ndi nkhani yako, aimate pakhoma pamwamba pa makina, atsikana awo aziwerenga. Sangaimate ngati ndime ija yatuluka iwo osadziwa. Ndipo ndikufuna ukadzabwera pa Khirisimasi udzadutse mzere wathu ukupereka moni khomo lililonse, osati kuzungulira njira ya kuseri monga ndimachitira ine ndikafika ku Mgona.

Mwinanso alola. Za mumtima mwa munthu sitizidziwa. Mwina atopa kunena kuti bambo ali pa ntchito, ndipo angakonde kuti zituluke kamodzi zithe. Akatero ndimeyo ikhale, ine ndidzagula pepalalo ndi mtima woyera. Mwina anena kuti ulembe kuti akulera ana okha, zinazo uzisiye. Chimene anene ndi chawo. Iwe ukayambe ndi kupepesa kuti unalemba usanafunse. Ukawerenge pang'onopang'ono, m'Chichewa, mmene unatiwerengera ife, osadumpha liwu. Usakawanyengerere, ndipo usakawauze kuti mkonzi wakonda ndime imeneyo, chifukwa mayi aja amakukonda, akhoza kuvomera pongofuna kuti iwe zikuyendere. Akakhala chete, nawe ukakhale chete, usakawathandize kuyankha.

Tsopano ndikuuze chimene ndachita, ukwiye ngati ukufuna. M'mawa uno ndinatenga tikiti yako pansi pa wailesi n'kupita nayo ku depoti, ndaisintha. Sukweranso basi ya seveni koloko, ukwera ya thwelofu. Ukafikabe kusanade, ndipo azakhali ako ndawaimbira kale, akakuchingamira. Amayi ako ndiwauza ndekha. Kwa Amayi Asiyatu sindinanene kanthu, ndinangowapatsa moni monga mwa masiku onse, zotsalazo ndi zako. Amatsegula shopu seveni koloko, atsikana amafika cha m'ma eyiti, ndiye ola limenelo amakhala okha.

Sindingakukoke dzanja, ndiwe munthu wamkulu. Ukati supita kwa Amayi Asiyatu, ndikunyamulabe mpaka ku depoti, chikwama patsogolo, ndipo sindidzatchulanso nkhaniyi. Ukati upita, ine ndikaima panja kutsidya kwa msewu, sindikalowa, sindikamvetsera. Mayunitsi oimbira mkonzi ndakuikira kale m'foni. Usakafulumire m'shopu muja. Mawa m'mawa wonse sindinalonjeze kasitomala aliyense.

Ndine bambo ako.